Batire Lotupa la Nyale Yanga

Kwathu tikamazira khonde tinkaswa mabatire a wailesi otha, n'kusakaniza ufa wake wakuda ndi dothi. Khonde linkada bii, n'kumawala. Ndinaphunzira zimenezi ndili mtsikana, ndipo sindinafunsepo kuti ufawo ndi chiyani.

Mwana wanga woyamba atabadwa, bambo ake anagula nyale ya sola ku Chitakale. Inatithandiza zedi. Utsi wa koloboyi unatha m'nyumba, chifuwa cha mwana chinachepa. Koma mwanayo atayamba kukwawa, nyale inayamba kuzima msanga. Nditaitsegula ndinapeza batire lake latupa ngati chitumbuwa.

Ndinati bola lindikongoletsere khonde. Ndinaliika pamwala, mpini uli m'manja, mwana akukwawa chapafupi. Apo n'kuti achemwali anga, amene amathyola tiyi ku esiteti, akulowa pakhomo kudzabwereka lichero.

"Iwe! Ukufuna kutiitanira maliro?"

"Ndikungofuna kuzira, achemwali."

"Limenelo si la wailesi, wamva? Mnzathu wina kuntchito anaboola lotere ndi msomali, linalavula moto mpaka chitenje chinapsa. Ndiye zotuluka m'menemo uzipake pamene mwanayu amanyambita?"

Ndinayang'ana mwana. Zala zake zadothi zinali kale m'kamwa. Mpini ndinauika pansi.

Tinakhala pamkeka n'kumaganiza kokalitaya. M'chimbudzi? Chitsime chili kumunsi kwake. Kudzala? Zinyalala timawotcha. Kudimba ndiye kumene timathyola ndiwo. Achemwali anaseka, amvekere, "Pogula munkavina, simunafunse kuti chikadzafa manda ake ali kuti."

Zoona, sitinafunse. Ngakhale wogulitsa anangotiuza za kuwala basi.

Tsiku la msika ndinalikulunga m'pepala n'kupita nalo kwa bambo wina wokonza mafoni pa Chonde. Anandiikira batire latsopano m'nyale, lakalelo n'kuliponya m'chitini momwe munali ena ambiri. Nditafunsa kumene amapita nawo, anati amabwera anthu a ku Limbe kudzatenga, koma zimene amakachita nawo sadziwa. Funso limenelo ndikadali nalo, ndipo masiku ano ndisanagule chinthu chachilendo ndimayamba ndafunsa mathero ake, ngakhale ogulitsa ena amandiyang'ana ngati wovuta.

Achemwali ndinawapatsira mbale ya kalongonda powathokoza. Khonde ndinazira ndi dothi lakudambo lokhalokha. Silinawale kwenikweni, koma mwana anakwawapo tsiku lonse ine ndikuchapa, mtima uli m'malo.