Nkhuku Ziwiri Zomwe Che Amidu Sanazinge

Ndikukumbukira mchenga wa m'mbali mwa mtsinje wa Lirangwe zaka zoyamba za matipate, pamene anthu a ku Blantyre anatulukira kuti Lamlungu munthu ukhoza kukwera minibasi n'kupita kukaviika mapazi m'madzi popanda chifukwa. Ife tinkaviika mapazi m'madzi omwewo tsiku lililonse. Kungoti ife tinkati kuchapa, iwo ankati holide.

Kamudzi kathu kanadzuka. Pansi pa mlambe panamera zisakasa: uyu mikeka ndi malichero, uyu masau, uyu mbiya zomwe alendo ankagula kuti akadzalemo maluwa. Panalinso thanthwe la maenje a bawo amene anasema makolo, ndipo mbiri yake inkatalika malingana ndi nsapato za wofunsayo.

Chisakasa cha amayi chinali chodyera. Mabenchi atatu, beseni losambira m'manja, mpunga, nkhwani wotendera ndi nkhuku yachikuda imene fungo lake linkawuula anthu m'madzi. Ife kwathu ndife Akhristu, koma ambiri mwa odya anali Asilamu, amalonda a ku Limbe ndi ena ogwira ntchito ku eyapoti. Motero nkhuku iliyonse inkayamba yawoloka mtsinje kuti akaizinge che Amidu, bambo woluka mikeka tsidya linalo. Chikwangwani chonena zimenezi panalibe. Anthu ankangodziwa.

Lamlungu lina, ndili mtsikana wa Sitandade 5, amayi anandipatsa nkhuku ziwiri kuti ndikazingitse kwa che Amidu. Dzuwa linali lowotcha, mchenga ngati chiwaya, ndipo padooko anzanga anali atayamba kale fulaye. Ndinaima n'kuiunika nkhaniyo mwa sayansi: khosi ndi khosi, mpeni ndi mpeni. Ndinabwereka mpeni kwa mayi wogulitsa nzimbe, n'kulowa m'bango. Za m'bangomo sindifotokoza, pakuti nkhuku zija zili ndi abale. Ndinasewera fulaye mokwanira ulendo wa tsidya, n'kubwerera ndi nkhope ya munthu wotumika.

Amayi anasosola, anaphika. Masana anafika a Haji a ku Limbe, kasitomala wawo wamkulu, ndi banja lonse. Anakhala, anasamba m'manja. Amayi akuvundukula poto, anandifunsa osatembenuka.

"Paja che Amidu ati bwanji lero, Nelesi?"

"Angoti zikomo, ukapereke moni."

Chipande chinaima m'malere. Apa m'pamene sayansi yanga inagwa. Chiyambire, che Amidu sanabwezepo nkhuku yopanda chipongwe. Ankaikweza kumiyendo n'kunena kuti, "Ukawafunse amako, nkhuku iyi ikusala kudya mwezi wanji?" Moni sichinali chizolowezi chawo.

Amayi anandiyang'ana kamodzi, ine n'kuyang'ana zala zakuphazi. Mlandu unathera pomwepo, popanda mboni. Anavundikira poto, anapukuta manja pachitenje, n'kupita kukagwada pafupi ndi benchi.

"Pepani a Haji. Nkhuku ilipo, koma lero si yanu. Sinafike kwa che Amidu."

A Haji anayang'ana poto, fungo likuchita kuwazungulira. "Mukanangopakula, mayi, ife tikanadziwa bwanji?"

"Ndikanadziwa ine," anatero amayi.

Tsiku limenelo banja la ku Limbe linadya mpunga ndi nyemba ndi matemba, ana akulira moyang'ana poto. Ine ndinali nditatsimikiza kuti ndagwetsa chisakasa. Anthu aja akakafalitsa ku Limbe, mabenchi athu adzatsala okhalapo nkhuku zokha.

Amayi sanandimenye. Anangoti ndiwoloke ndikawauze ndekha che Amidu. Kunena zoona, ndikanakonda mkwapulo. Ndinawapeza pakhonde akuluka, ndipo anamvetsera mpaka kumapeto manja osaima.

"Zinali zonenepa?"

"Kwambiri."

"Waona tsono. Tsiku limodzi lomwe ndikanawayamikira amako, iwe wandilanda."

Anandiuza ndiwagwirire mlaza mpaka mkeka uthe, ndipo unali mkeka wautali.

Lamlungu lotsatira a Haji anabwera ndi minibasi yodzaza, apongozi ndi alamu omwe. Sanafunse kanthu za nkhuku. Anangosamba m'manja n'kukhala.

Lero malo aja asintha. Mchenga ankautapa amalole mpaka mtsinje unalowa pansi, zisakasa zinasanduka mashopu a njerwa, ndipo pathanthwe la bawo pakhala wogulitsa mayunitsi. Malo odyera aliwonse ali ndi mawu akuti halali pakhoma, olembedwa ndi penti wobiriwira, ena mpaka pepala lachidindo m'galasi. Sindinyoza mapepala. Inenso ndinapita ku koleji kukafuna langa, ndinakhalako zaka ziwiri, ine ndi koleji n'kugwirizana mwamtendere kuti tisiyane. Koma amayi anadyetsa anthu zaka zonse zija khoma lili lopanda kanthu. Ndikalowa m'malo odyera a masiku ano, ndimawerenga pakhoma mwaulemu, ndikusamba m'manja. Mbale ikafika ndimaiyang'ana nkhukuyo, ndipo ndimalakalaka wina atandiuza chipongwe chimene inabwera nacho.