Miyezi isanu ndi itatu ndikuthira mchere m'ndiwo za alamu

Pepani chomene kuti mwana ngati ine ndayerekeza kulemba nkhani ya akuluakulu. Chichewa changa ndi cha kusukulu ya kumudzi, pakhomo timayankhula Chitumbuka, ndiye pamene ndaphonya mundikhululukire. Koma zimene ndalemba panozi ndi zoona, sindinachite kumva kwa munthu, ndinaziona ndekha ndipo zina ndinazichita ndi manja angawa. Mayina sinditchula, chifukwa eni ake alipo ndipo ena ndimadya nawo mbale imodzi.

Kwathu ndi kumwera kwa Mzimba, ukatsika basi pa Jenda n'kulowera njira ya ku Embangweni. Mudzi wathu uli ngati midzi yambiri ya kuno, amuna ali ku Joni, pakhomo patsala akazi, ana ndi nkhalamba. Achimwene anga aakulu nawonso anapita, n'kusiya akazi awo ndi ana awiri m'manja mwa bambo ndi mayi. Alamu angawo anali munthu wanthabwala, ankati popeza achimwene kulibe ine ndiye mwamuna wawo, ngakhale ndinali kamtsikana ka zaka khumi, ndipo akandiona ndikuchokera kusukulu ankafuula kuti abambo apanyumba afika, abweretsa chiyani lero. Ine ndi manyazi angawa ndinkangobisa nkhope, koma mumtima ndinkakondwa.

Kuno mayi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, akuti akathira anthu odya amatupa miyendo ndi kutsokomola. Amaitana mwana amene sanakule kuti athire. Kwa alamu ntchito imeneyi inali yanga, masiku atatu kapena anayi pa mwezi. Ankandiyezera mcherewo ndi maso, ine n'kutapa n'kuponya mumphika, basi.

Kumayambiriro kwa chaka chimene sukulu zinatsekedwa, galimoto ya zaumoyo inkabwera patchalitchi pathu kudzayeza ana sikelo, ndipo ulendo wina munabwera anamwino oyeza amayi khomo la chiberekero. Alamu anapita, n'kubwerako akuseka kuti awathira viniga ngati tchipisi cha pa Jenda. Titatsala awiri anatulutsa kabuku kawo ka kuchipatala kuti ndiwawerengere tsiku limene linalembedwamo, poti iwo sukulu analekera sitandade fili. Anandiuza kuti anamwino aona kachilonda kamene sakanatha kukathandiza pomwepo, kakufunika kuchipatala chachikulu, koma iwo samva kupweteka paliponse.

Tsiku lija lisanakwane, korona inalowa. Sukulu anatseka, galimoto ija inasiya kubwera, ndipo m'mudzi munadzaza nkhani zoti munthu akalowa m'chipatala akuyenda yekha amatuluka atakulungidwa m'pulasitiki, n'kukaikidwa ndi alendo abale ataima patali. Bambo analamula kuti pakhomo pawo wina asaponde kuchipatala. Alamu anadzera kwa mayi kuti akawapemphere, poti mkamwana sayankhula maso ndi maso ndi apongozi aamuna, koma za kachilonda sanatchule, anangoti anamwino anawaitana. Bambo anafunsa ngati pali pamene pakuwawa. Atamva kuti palibe anati mbwenu, ndiye kuti basi, munthu wabwinobwino akukafuna chiyani kumene anzake akuthawako? Achimwene pafoni anati ntchito zaima, malire atseka, adikire abwere adzapite nawo okha. Kodi mkazi wokhala pamudzi wa eni ake akanatsutsa ndani?

Mvula yoyamba itagwa, alamu anandiitana kuti ndikathire mchere. Sabata inatha, ndikuthirabe. Inatha ina. Ankapuma masiku awiri kapena atatu, ine n'kuganiza kuti zatha, kenako ndimve akundiitananso motsitsa mawu kuseri kwa khitchini. Ndinali mwana koma kuwerenga masiku ndinkadziwa. Nditafunsa anandikoka tsaya, ati mwamuna wabwino safunsa za kukhitchini.

Tsiku lina tikuchapa kudambo ndinaona akuviika chidebe chimene anachivundikira ndi masamba, ndipo madzi onse anafiira mpaka kumunsi kumene ndinaima. Ataona kuti ndaona, munthu wamkulu uja anagwada pamatope patsogolo panga. Anandipempha kuti ndisauze munthu aliyense, ngakhale mayi. Anati mkazi amene mwamuna wake watha zaka zitatu ku Joni akamataya magazi chonchi, anthu sanena zina, amati wachotsa mimba ya mwamuna wina, ndipo akawathamangitsa adzapita okha, ana adzatsala chifukwa ng'ombe za malowolo zinaperekedwa kale. Anati iwo sanayendepo ndi mwamuna wina chibadwire, koma ndani angawakhulupirire? Korona ikangotha adzapita kuchipatala mwakachetechete. Ine ndinalonjeza. Munthu amene amakukonda atakugwadira, ungakane bwanji?

Mayi anandifunsapo kamodzi chifukwa chimene sindikuchokera kukhitchini kwa alamu ndi mchere m'manja. Ndinanama kuti akundiphunzitsa kuphika. Mayi anandiyamikira kuti ndine mwana wanzeru, mpaka anauza anzawo a kumvano. Mawu oyamikira amenewo amandiwawa mpaka lero kuposa kukwapulidwa.

Sukulu zinatsegulidwa, zinatsekedwanso, maliro a korona anamveka pawailesi tsiku ndi tsiku, ine ndikuthirabe mchere. Alamu anayamba kuonda, zikhatho zinayera, ndipo ankakhala patali ndi anthu, kumene mphepo ikupita, chifukwa panayamba kumveka fungo limene sopo sankachotsa. Anthu ankati akuganiza amuna awo.

Zinaululika nthawi yokolola, m'mwezi wozizira uja, dzuwa lili pamutu. Tinkachokera kumunda titasenza malichero a chimanga, iwo patsogolo ine pambuyo. Ndinaona madontho pafumbi, n'kuganiza kuti wina wadutsa ndi nkhuku yozinga. Madontho aja anasanduka mzere, ndipo nditakweza maso ndinaona chitenje chawo chonse chakumbuyo chitanyowa, magazi akutsikira m'zidendene mpaka patapata akulira ngati munthu akuyenda m'matope. Anatula lichero bwinobwino, ngati palibe kanthu, n'kukhala pansi pakati pa njira. Milomo inali itayera ngati phulusa, ntchentche zinafika nthawi yomweyo, ndipo pansi pamene anakhala panayamba kukula chithaphwi. Anandigwira pamkono ndi dzanja lozizira, n'kunong'ona kuti ndisakuwe, zisiya zokha monga zimasiyira. Ndinawayang'ana m'maso n'kuona kuti sakundionanso, akuyang'ana kumbuyo kwanga. Pamenepo ndinadzichotsa m'dzanja lawo n'kuthamanga ndikukuwa mudzi wonse.

Anawakweza pangolo ya ng'ombe. Zimene ankaopa zinachitikadi, chifukwa ngolo isananyamuke azakhali anga anawerama n'kuwafunsa, anthu onse akumva, kuti anene msanga mwini wa mimbayo asanafe nalo tchimo. Alamu anangotseka maso.

Pachipata cha chipatala ankalola wodikirira mmodzi, ndiye analowa ndi mayi. Anawaika magazi, kenako anawatumiza ku Mzuzu. Atabwerako patapita masabata, anabwera ndi botolo la mankhwala oletsa ululu basi. Mayi anasonkhanitsa amayi a pakhomo, azakhali ali pomwepo, n'kufotokoza zimene adokotala ananena: kunalibe mimba, inali khansa ya khomo la chiberekero, ndipo inali itafalikira moti opaleshoni sikanathandiza. Akuti imayamba ndi kachirombo kotchedwa HPV, kamene anthu amapatsirana m'banja momwemo, kofala kwambiri moti akuluakulu ambiri amakumana nako osadziwa, amuna amakanyamula popanda chizindikiro, ndipo kamatha kukhala zaka zambiri kasanachite kanthu. Adokotala anatsegula kabuku kaja, anaona tsiku limene ndinawerenga ine lija, n'kufunsa kuti nthawi yonseyi anali kuti.

Kenako mayi anatembenukira kwa ine, n'kundifunsa kuti mchere uja ndinayamba liti. Ndinati mvula yoyamba. Anawerenga ndi zala, miyezi isanu ndi itatu. Sanandimenye, sanandikalipire, anangotsika pampando n'kukhala pansi padothi. Ndikanakonda akanandimenya.

Ine katemera woteteza atsikana ku kachirombo kameneka ndinali nditabayidwa kamodzi kusukulu korona isanabwere, wachiwiri anasowa pamodzi ndi galimoto ija. Atabweranso azaumoyo, mbiri inali itafala kuti ndi katemera wa korona amene amubisa, woti atsikana asadzabereke. Bambo anandiuza kuti ndikangoona galimoto ndithawe. Alamu atamva anandiitana pamphasa pamene ankagona, ati abambo apanyumba, mudzapereke mkono umenewo, ndipo mwana wawo wamkazi akadzafika msinkhu wake ndidzamutenge ndekha kukabayitsa. Tsikulo anzanga ambiri anatulukira pawindo n'kuthawira kutchire, ena anasiya ndi nsapato zomwe. Ine ndinaima pamzere waufupi. Kanali koyamba kusamvera bambo. Madzulo anaona thonje pamkono panga, n'kuyang'ana kunyumba kwa alamu.

Achimwene anafika kumayambiriro kwa chilimwe ndi zikwama ziwiri za zovala zimene alamu sanavaleko. Anaima pakhomo nthawi yaitali osawazindikira akazi awo. Alamu anayesa kuseka, ati tsopano ali ndi amuna awiri, koma wamng'onoyu ndiye sanawathawe. Achimwene anatuluka n'kukalira kuseri kwa nkhokwe.

Lero ndili kusekondale, ndipo mwana wa alamu uja ndinamutenga ndekha kukabayitsa katemera monga ndinalonjezera. Sindinena kuti bambo ankafuna zoipa, ankaopa matenda amene aliyense ankawatchula, pamene ena amene sitinkawatchula anali kale m'nyumba. Sindinenanso kuti ndikanaulula msanga alamu akanachira ndithu, zimenezo adokotala sanalonjeze, koma ndimakhulupirira kuti akanakhala ndi mwayi, ndipo mwayi umenewo ndinausunga ine m'kamwa. Ndapota nanu amayi, tsiku limene akulemberani m'kabuku musalidumphe, kaya kunja kwagwa mliri wanji. Apongozi, mkamwana akamataya magazi mumufunse kaye za thupi lake musanamufunse za amuna. Ndipo inu ana anzanga amene mumatumidwa kuthira mchere, sabata ikatha n'kuyamba ina akukuitananibe, kauzeni munthu wamkulu, ngakhale amene wakupemphani kuti mubiseyo atakugwadirani.

Alamu anatisiya m'mawa wa Lachisanu, wailesi ya achimwene ikuimba nyimbo zoyamika amayi, pa tsiku la anakubala, 15 Okutobala 2021.