Manja a ba Gideon

Ba Gideon Chileshe a ku Kafue Estates anakalambira pa sipanala. Unyamata wawo wonse unathera kufakitale ya feteleza, kumanga mabawuti aakulu ngati mutu wa ng'ombe, ndipo bawuti imene anamanga iwo ngakhale thirakitala inkaiona n'kubwerera chambuyo. Kunyumba nako, akatseka botolo la mafuta ophikira, akazi awo, ba Idah, ankangogula lina.

Ntchito ya kufakitale itatha, anakhala pakhonde mpaka mpando unayamba kuwadandaula. Kenako anawalemba pa kakampani kena kuseri kwa siteshoni ya sitima, ka ba Gwendolyn, mayi amene amapanga timakina toyesera gasi. Kamakina kamodzi n'kagalasi kofanana ndi bokosi la machesi, kokhala ndi tinjira topyapyala ngati tsitsi. Mmenemo amaikamo ufa wofulumizitsa gasi kuti asanduke gasi wina. Ntchito ya ba Gideon inali kulowetsa kagalasiko m'chitsulo chake, kumanga tisikuluwu, kupopamo mpweya, n'kupaka madzi a sopo m'mphepete. Thovu likatupa, ndiye kuti mpweya ukuthawa. Likapanda kutupa, kamakinako amakakuta m'siponji n'kukatumiza ku Lusaka.

Tsoka lake, kufakitale lamulo linali limodzi: pakathawa mpweya, manga kwambiri. Galasi silidziwa lamulo limenelo. Limangoti the! Mwezi woyamba ba Gideon anaswa magalasi okwanira kuika mawindo tchalitchi chonse cha nyerere.

"Ba Gideon, ndimakulemekezani ngati atate anga," anatero ba Gwendolyn, "koma magalasi awa amabwera pa ndeke. Mukaswanso limodzi, mubwerera pakhonde."

Pakhonde ndi pamene ba Gideon ankaopa kuposa manda.

Masana ena dzuwa la Okutobala likuwotcha mpaka abuluzi akupempha madzi, galimoto ya ku Lusaka inaima panja kudikira kamakina komaliza. Ba Gideon anali atatopa. Maso ankawawa chifukwa chosuzumira tinthu tating'ono, msana unali utauma ngati nsomba ya pamsika. Anapaka sopo. Thovu linatupa pakona, pang'onopang'ono, ngati likuwaseka.

Dzanja lamanja linanyamuka lokha kupita pa sikuludiraiva. Analibweza. Linapitanso. Analikhalira ndi thupi lonse, likuphiriphitha pansi pawo ngati nkhuku yomangidwa. Dalaivala panja analiza hutala.

Anamasula zonse, anapukuta kamphira kotsekera, anamanganso ndi zala ziwiri zokha ngati mkamwini wogwira kapu kwa apongozi. Sopo. Thovu lomwe lija.

Anapuma mozama, ananyamula kamakinako m'manja awiri, ulendo kwa ba Gwendolyn.

"Madamu, mpweya ukuthawa. Sindinaswe, onani, n'kamoyo. Mangani ndinu."

Ba Gwendolyn anagwira sikuludiraiva, anapotokola pang'ono chabe, mwina mmene udzudzu ungatembenuzire khosi. Anapaka sopo. Zii.

"Bwanji, ba Gideon? Kamangofuna kumanga pang'ono!"

"Pang'ono wanga, madamu, ndi maliro."

Mayiyo anaseka, koma ataona mkulu uja akutsamira khoma, thukuta lili chuchuchu, anasiya. Anakuta yekha kamakinako m'siponji, galimoto inapita. Kenako anatsekera sikuludiraiva m'dirowa yake.

"Mawa bwerani. Zomanga ndizichita ine. Inu sopo ndi kupakira."

Ba Gideon ntchito anaipulumutsa choncho. Lero mukadutsa kuseri kwa siteshoni muwapeza atawerama pa tebulo, kabulashi kali m'zala zija zonga mipini ya makasu, akudikira thovu. Likatupa amaitana madamu, iwo eni n'kuyang'ana kukhoma kuti asaone madamuwo akumanga. Madzulo amakwera kamtunda kupita ku Estates mwapang'onopang'ono, manja ali oyera mbee ngati a wochapa zovala m'hotela, ndipo anzawo akale a kufakitale akawapatsa moni wa m'manja amayamba kuwanunkhiza manjawo, akudabwa ndi fungo la sopo.