Mphepo ya M'chiwindi Sinadutse

Dzulo pa Chimbiya ndinaona mayi wogulitsa mbatatesi, dzanja likunjenjemera ngati lanu lija, aNambewe mkazi wanga. Ndinakumbuka tsiku lomwe tinkachokera ku Lilongwe kwa dokotala wa ku China uja. Anakugwirani pamkono, n'kuyang'ana lilime, akuti chizungulire ndi kunjenjemerako kwawo amati mphepo ya m'chiwindi yakwera kumutu. Anawonjezera kuti mapiritsi a BP a kuchipatala musasiye. Koma m'minibasi munandikodola n'chigongono, mumvekere, "Bambo a Lute, matenda anga ndasankha a mphepowa. Mphepo imadutsa. A BP aja akuti n'kumwa mankhwala mpaka kumanda, ndani angafune?" Tinaseka mpaka kondakitala kutembenuka.

Sinadutse, mayi. Mapiritsi munawasiya, ndipo nthawi yokolola pakamwa panapindika, mwendo n'kufa. Kuchipatala anati sitiroko. Ndinafunsa za chiwindi, namwino anati n'chabwinobwino: Atchainawo akamati chiwindi sanena chanyama chomwe achipatala amayezachi, koma zizindikiro za mphepoyo n'zomwe achipatalawo amaziona kwa anthu ambiri a BP. Maina awiri, maliro amodzi. Inu amene munkandidula nkhani zanga pakati munagona chete, ine n'kumangolankhula ndekha.

Ndiye dzulo ndinawafunsa mayi a mbatatesi aja za mapiritsi a BP. Akuti anasiya, akupezako bwino. Ndinakhala pansi pomwepo n'kuyamba nkhani yanu. Minibasi yomwe ndinakwera inandisiya, aNambewe, koma ndinafotokoza mpaka pa maliro.