Chimbale Chojambulidwa ndi Nyundo

Inu amene mwatsala pang'ono kugwa mphwayi, imvani za mayi wina woswa miyala. Anzake ankamutcha Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipankatha nyimbo.

Wailesiyo inazima tsiku limene khoma la mgodi linagumukira mwamuna wake. Kapitawo anauza anthu kuti malemuyo analowa m'dzenje ataledzera. Amene anaona zenizeni anatseka pakamwa poopa kuchotsedwa ntchito. Ngakhale apongozi ake anakhulupirira bodzalo, mpaka kusiya kutchula dzina la mwana wawo chifukwa cha manyazi. Izi zinamupweteka Wailesi kuposa imfa yeniyeniyo.

Anabwerera ku miyala, poti ana sadya misozi. Akuswa choncho anapeka nyimbo yonena mmene khoma linang'ambikira, mmene anthu anadandaulira, kapitawo n'kuwakakamiza kulowa momwemo. Anaiphatikiza ndi nyimbo zamakolo zimene anaphunzira ali mtsikana, n'kutsimikiza zotulutsa chimbale chake choyamba, kuti dzina la mwamuna wake liyere.

Ku situdiyo zinavuta. Wojambula anamuveka zomvera m'makutu, mukugunda kanthu kuti ke! ke! ke! ati azitsatira. Kalanga ine, mawu ankathamanga, kenako n'kutsalira, mpweya n'kuthera panjira. Wojambulayo anamuuza mwaulemu kuti kuimba n'kwa ena. Anatuluka akulira. Kapitawo naye atamva mphekesera anamuchenjeza kuti nyimboyo ikangotuluka, asadzapondenso pamgodipo.

M'mawa mwake, nyundo ili m'manja, nyimbo ija inayenda bwinobwino. Apa m'pamene anazindikira kuti chibadwire sanaimbepo manja ali chete. Ankakoka mpweya pokweza nyundo, mawu n'kutuluka ikamatera.

Anabwerera ku situdiyo atasenza mwala. Wojambula anadandaula za kapeti wake, koma mayiyo sanasunthe.

"Zimitsani kanthu kanuko," anatero. "Ng'oma yanga ndi iyi."

Chimbale chonse anachijambula atakhala pansi, akuswa mwala. Pofika pa nyimbo ya mwamuna wake, wojambula uja anaiwala za kapeti.

Ntchito inathadi, ndipo ana anagonapo ndi njala, tisanamizane. Koma chimbalecho chinayenda. Kumgodi anthu anayamba kuswera miyala nyimbo yomweyo, kapitawo n'kusowa woti amuchotse. Amene anatseka pakamwa aja anayamba kulankhula. Wailesi anayamba kuitanidwa kukaimba m'maholo.

Tsiku lina anapeza apongozi ake atakhala pakhonde. Apongoziwo anangomugwira manja okakala aja, n'kumawayang'ana.

"Ndinachita naye manyazi mwana wanga ali m'manda," anatero. "Ndiimbire ndekha, ndimulire bwino."

Wailesi analowa m'nyumba kukatenga nyundo.

Inunso mwina anakuuzani kuti zimenezo n'za ena. Musanataye chimene chili m'manja mwanu, yambani mwachiyang'anitsitsa. Mtima wokhawo musataye.