Dzino la Mluzu la a Reinford

Mphekesera inafika kwathu Lachinayi ndi mavenda ogula mtedza. Akuti a Reinford, asuweni anga oyendetsa ngolo aja, anawaika magetsi m'kamwa kuchipatala koma osaphethira n'komwe. Akuti ndi okhwima, magetsi amawaopa! Ine Nathaniel ndinaseka, koma mtima wina unavomera, chifukwa munthuyu mphezi inagwapo pamtengo iye ali patsinde akudya chinangwa, ndipo chinangwacho anamaliza.

Muwadziwe kaye. A Reinford anabadwira kumapiri a ku Ntchisi, n'kudzakwatira kuno ku Dowa chikamwini. Sukulu tinalekeza tonse Sitandade 4, iwo katswiri wojomba, ine wogona. Chiyambire ntchito yawo ndi ngolo: mabelo a fodya kupita ku Mponela, chimanga, njerwa, nthawi zina odwala. Zaka makumi anayi, chikwapu osagwirako! Ng'ombe zawo, Bulaki ndi Sitima, zimamva mluzu basi. Wautali ndiye tiyeni, iwiri yaifupi ndiye imani. Mluzuwo umatulukira pampata wa mano awiri akutsogolo. Litazuka limodzi, ngolo yodzaza angaiimitse ndani pamtsetse wa kwathu kuno?

Ndiye tsiku lina akumanga goli, Sitima inapukusa mutu poingitsa ntchentche, goli n'kuwagunda pakamwa. Dzino limodzi la mluzu linayamba kugwedera. Chowapititsa kuchipatala chinali chimenecho.

Nditapita kukawazonda ndinawapeza pakhonde akudzitama.

"Asuweni, kachitsulo ka magetsi kaja anakakweza mpaka kumapeto, ine ndili phee!"

Akazi awo a Lidia anayankhira kukhitchini: "Auzeninso zinazo. Adokotala akuti dzino losamva magetsi mwina linafa. Akuti mubwererenso pakatha masabata asanu ndi limodzi, likakhalabe chete mwina lizulidwe."

"Ndiye sankhani, mkamwini," ndinatero ine. "Kukhwima kapena mluzu?"

Anangolinyambita dzinolo.

Tsiku litakwana a Lidia ananditenga ngati mlonda. Panjira anandiululira kuti ulendo woyamba uja a Reinford, chifukwa cha mantha, anamwa kabotolo ka kachasu n'kuponyerapo mapilitsi anayi oletsa ululu. Choncho podutsa pa nyumba yophika kachasu ndinawagwira malaya ngati mbuzi yopita kumsika.

Adokotala a mano anali mayi Eveline, msinkhu wa mdzukulu wanga, koma pakamwa pakuthwa.

"Lero mwabwera nokha, bambo, kapena mwabweranso ndi anzanu a m'botolo aja? Tsiku lija fungo linayamba kulowa ndilo, inu pambuyo."

Anatifotokozera kuti kamakinako kamafunsa mtsempha wa m'kati mwa dzino ngati uli moyo, koma n'kosavuta kukasokoneza. Mowa ndi mapilitsi zimagonetsa munthu. Dzino longomenyedwa kumene limakomoka kaye, limatha masabata lisanatsitsimuke. Komanso mano a ife okalamba mtsempha umabisala m'kati, umayankha mochedwa ngati mlamu wogontha.

Anapukuta manowo ndi thonje mpaka gwa, akuti malovu amathawitsira magetsi ku nkhama, munthu n'kukuwa dzino lili lakufa. Kunsonga kwa kachitsuloko anapakako kolugeti pang'ono. A Reinford anawauza kuti agwire chogwirira chake ndi zala, akamva kanthu asiye.

Anayambira dzino labwinobwino, kuti aone mmene munthu wake amamvera. Manambala a pakamakinako anayamba kukwera. Ndinaona chala chakuphazi cha asuweni chikupindika m'patapata, diso likulengeza misozi.

"Sindikumva kanthu," anatero.

Mayi Eveline anachotsa kachitsuloko. "Bambo, mbiri yanu ya kukhwima yafika ndi kuno komwe. Koma mukandinamiza, ndilemba kuti dzino lamoyo ndi lakufa. Mukufuna zimenezo?"

"Nenani zoona, inu!" a Lidia anawatsina pantchafu. "Ng'ombe zija muziziitana ndi nkhama?"

Tsopano kachitsulo kanapita pa dzino la mluzu lija. Manambala akukwera, a Reinford duu. Akukwerabe, duu. Ine ndayamba kale kuganiza za amene angagule Bulaki ndi Sitima. A Lidia atseka maso.

"Mayooo!"

Anataya chogwirira, mwendo m'mwamba, patapata n'kukagwera pakhomo! A Lidia analulutira m'chipatala momwemo. Mayi Eveline akuseka anati dzinolo layankha, lalimbanso, salizula. Adzalionanso pakatha miyezi itatu. Asuweni pomwepo analiza mluzu wautali, mpaka odwala a pabenchi anasuzumira.

Potuluka anandinong'oneza: "Asuweni, za kukuwazi zithere konkuno."

Ndinalonjeza ndithu, ndipo ndinasunga mpaka pa siteji ya minibasi.

A Reinford si okhwima. Magetsi amawagwira ngati wina aliyense.