Bartul Ankadikira Bura

A Bartul Grubišić anatha mphamvu zawo zonse akuwotcherera zitsulo za sitima padoko la Šibenik, mpaka tsiku limene mabwana anawapumitsa ndi zikomo wapakamwa. Chimene anatsala nacho chinali thanki yagalasi ya madzi amchere, yokhala pabalaza, pansi pa chithunzi cha malemu akazi awo, a Vinka.

Munali tinsomba ndithu, koma mwini thankiyo anali kamtengo kofiira ka pansi pa nyanja. Si mtengo weniweni ayi. N'chamoyo, chimadya, ndipo madzi akachikomera chimatulutsa timaluwa toyera m'nthambi zonse. Kanakodwa mu ukonde wa apongozi awo chaka cha ukwati, kali ngati chala. A Vinka anakalera mpaka kufika ngati chikhatho, kenako anamwalira n'kukasiya m'manja mwa amuna awo.

Lamulo la a Bartul linali limodzi: madzi a m'nyanja amatungidwa bura ikangoleka. Bura, mphepo yozizira ija yotsika m'mapiri, imasesa nyanja mpaka munthu kuona miyala pansi. Agogo awo ankatunga nthawi imeneyo madzi oviikamo maolivi, pamasitepe a doko lakale. A Bartul nawonso ankatunga pomwepo, m'mabotolo aakulu a vinyo, n'kusinthira madzi a m'thanki.

Chaka chimenecho bura inakana. Nyengo yonse yachisanu kunkangowomba mphepo yakumwera, yofunda ndi yachinyontho, yodwalitsa mutu. Madzi a m'thanki anakalamba. Ndere inayamba ngati fumbi pamchenga, kenako inamera ngati tsitsi lobiriwira pamiyala. A Bartul ankaizula ndi mswachi, koma kukamacha inali itabwerera, ikukwawira kutsinde la kamtengo kaja.

"Iwe Bartul, ukuweta nsomba kapena watsegula dimba?" anatero a Jerko, mnzawo wa khomo loyandikana, amene kale ankayendetsa basi. "Undipatseko mtolo umodzi ndikaphike ndi mbatata."

"Khala pansi kapena tuluka. Ukunditchinga."

"Pita kusitolo, mdala iwe. Kuli mchere wa m'thumba ndi madzi osefa. Mdzukulu wanga amangosakaniza mu ndowa, thanki yake mbee!"

"Ndigule nyanja ya m'thumba? Ine? Nyanja yeniyeni ili pakhomo panga?" A Bartul analoza pawindo ndi mswachi. "Zimenezo achite a ku Zagreb, amene amaona nyanja pa kalendala."

"Ndiye dikira bura yakoyo. Mwina ibwera pa basi."

"Ikakwera yako ndiye sifika."

Tisawaseke a Bartul. Munthu amene lamulo lamusunga zaka makumi angapo salitaya chifukwa cha mwana wosakaniza mchere mu ndowa. Oyenera kuchita manyazi ndi ena: amene anadzaza gombe ndi mahotela, amene anakhazika makola a nsomba pakamwa pa doko n'kumathiramo chakudya matumbamatumba, ndi amene anavomereza zonsezo atavala mataye. Palibe mmodzi anabwera kudzauza nkhalamba kuti nyanja ija yasintha.

Bura inafika mochedwa, Pasaka atayandikira. Inagwetsa matailosi a padenga, inawumitsa milomo ya anthu. Italeka, a Bartul anatsika ndi wilibala, mawondo akulira, n'kudzaza mabotolo onse pamasitepe a agogo awo. Madziwo anali oyera ngati galasi. Anachotsa akale ambiri kuposa masiku onse, n'kuthira atsopano akuimba.

"Wapuma tsopano, Vinka," anauza kamtengoko.

Koma mphepo imasesa zooneka zokha. Zonyansa zosungunuka, zimene ndere imadya, zinali momwemo. Sabata isanathe thanki inachita mdima. Pamwamba pa tsitsi lobiriwira lija panayala chinanda choterera, chonunkha ngati ngalande, ndipo chinafunditsa nthambi zonse. Timaluwa toyera sitinatulukenso. A Bartul atapukuta nthambi imodzi ndi chala, khungu lake linasendeka ngati pepala lonyowa.

A Jerko anabwera atanyamula thumba la mchere paphewa. Anayang'ana m'thanki, n'kulitsitsa pansi pang'onopang'ono.

"Ndachedwa, achimwene."

"Bwerera nalo. Ukathire mu supu."

A Bartul anakulunga chigoba chofiiracho mu mpango wa a Vinka, n'kupita nacho kudoko kuti akachibweze kwawo. Anagwada pa sitepe yomaliza, n'kumasula mpangowo. Kwa zaka zonsezo ankayang'ana kukamwa kwa botolo basi. Tsiku limenelo anayang'ana pansi. Miyala imene ankatererekapo ali mwana, yodzaza nkhono ndi nkhanu, sinkaonekanso. Paliponse panali tsitsi lobiriwira lomwe lija, likugwedezeka pang'onopang'ono mpaka kumene maso amalekezera.

Kenako anamanganso mpango uja, n'kuulowetsa m'jekete. M'nyanjamo munalibe moika chigobacho.